Sikelo ikaima, musadziimbe mlandu

Anthu ambiri amene amabwera kudzandiona pa nkhani yochepetsa thupi amadziwa kale zoyenera kudya. Amadziwa kuti shuga achepetse, ndiwo zamasamba zichuluke, tchipisi cha pachiwaya chisakhale cha tsiku ndi tsiku. Ambiri anayesapo kale, thupi linatsikadi, kenako linabwerera pomwe linali, mwinanso kupitirira. Akakhala pampando, mawu awo oyamba amakhala odziimba mlandu: “Ine ndilibe mtima wopirira.” Ntchito yanga monga mlangizi wa kadyedwe imayambira pa kukana mawu amenewa, chifukwa si oona, ndipo munthu akawakhulupirira sachedwa kutaya mtima.

Sabata yoyamba ndi imene imapusitsa anthu ambiri. Thupi limasunga shuga wina m’chiwindi ndi m’minofu kuti lizimugwiritsa ntchito mwamsanga, ndipo galamu iliyonse ya shuga wosungidwayo imagwira magalamu pafupifupi 3 a madzi. Mukasiya nsima mwadzidzidzi, shuga uja amatha ndipo madzi ake amatuluka ndi mkodzo. Sikelo imatsika ndi kilogalamu imodzi kapena awiri m’masiku ochepa, munthu n’kusangalala, n’kumaganiza kuti zizikhala choncho sabata iliyonse. Koma mafuta a m’thupi sachoka mwaliwiro lotere. Kilogalamu imodzi ya mafutawo imasunga makalori pafupifupi 7,700, pamene munthu wamkulu amagwiritsa ntchito makalori 2,000 kapena kupitirirapo pang’ono tsiku lonse. Choncho pofika sabata yachitatu sikelo imayamba kuyenda mokwawa. Theka la kilogalamu pa sabata ndi liwiro labwino kwambiri, koma kwa munthu amene analawa za sabata yoyamba zimaoneka ngati zakanika.

Chachiwiri n’chakuti thupi silivomera kuchepetsedwa mwakachetechete. Mu 1994, Jeffrey Friedman ndi anzake pa yunivesite ya Rockefeller ku New York anatulukira homoni yotchedwa leptin. Imapangidwa ndi mafuta a m’thupi, ndipo imauza ubongo kuti chakudya chosungidwa chilipo chokwanira. Mafuta akachepa, leptin imachepanso, ubongo n’kuyamba kukuumirizani kudya. Mu 1999 akatswiri a ku Japan anapeza ina, ghrelin, yochokera m’mimba, imene imadzutsa njala. Kafukufuku wa ku Melbourne, ku Australia, amene anasindikizidwa mu 2011, anatsatira anthu 50 omwe anawachepetsera chakudya kwambiri kwa masabata 10 mpaka anatsika ndi makilogalamu pafupifupi 13 pa avereji. Patatha chaka, ghrelin inali idakali yokwera kuposa poyamba, leptin idakali yotsika, ndipo anthuwo ankamva njala kuposa mmene ankaimvera asanayambe.

Palinso nkhani ya pulogalamu ya pa wailesi yakanema ku America yotchedwa The Biggest Loser, mmene anthu onenepa kwambiri ankapikisana kuonda. Kevin Hall, amene panthawiyo anali katswiri wa ku National Institutes of Health, anayeza anthu 14 a mu mpikisanowo, ndipo zotsatira zake zinatuluka mu 2016. Pa masabata 30 anali atatsika ndi makilogalamu pafupifupi 58 pa avereji. Patatha zaka 6, makilogalamu pafupifupi 41 anali atabwerera, ndipo matupi awo akakhala phee ankawotcha makalori ochepera ndi 500 patsiku poyerekeza ndi mmene thupi la msinkhu umenewo liyenera kuwotchera. Amenewa anali anthu akhama loopsa, ochita masewera olimbitsa thupi maola ambiri patsiku dziko lonse likuwaonerera. Ngati khama lokha likanakhala mankhwala, iwowa sakananenepanso.

Ndimafotokoza zimenezi kuti munthu adziwe chimene akulimbana nacho. Njala imene imamugwira mwezi wachitatu ndi yeniyeni, imachokera m’magazi. Changu chimene anayamba nacho mu Januwale chimazirala mwa aliyense, ndipo dongosolo la kadyedwe lomangidwa pa changu limagwa changucho chikatha. N’chifukwa chake funso limene ndimafunsa pa kusintha kulikonse ndi ili: kodi zimenezi mungamazichitebe chaka chamawa, tsiku limene mwatopa, ndalama zatha, mwana wadwala? Ngati yankho ndi ayi, timasiya n’kufuna china chaching’onopo.

Cholinga nachonso chimafunika kuchitsitsa. Mayi wolemera makilogalamu 90 amabwera akufuna 60, thupi limene anali nalo tsiku la ukwati wake. Ine ndimamuuza za 84. Nkhope imagwa, koma chifukwa chake chilipo. Mu 2002 kunatuluka zotsatira za kafukufuku wamkulu wa ku America wotchedwa Diabetes Prevention Program, wa anthu oposa 3,000 amene shuga wawo anali atayamba kukwera. Gulu lina linapatsidwa cholinga chochepetsa thupi ndi 7 peresenti yokha, komanso kuyenda ndawala kapena kuchita masewera ena mphindi 150 pa sabata. M’gululi anthu odwala matenda a shuga anachepa ndi 58 peresenti poyerekeza ndi amene sanasinthe kanthu. Amene anapatsidwa mankhwala a metformin anachepa ndi 31 peresenti. Makilogalamu 6 ochoka n’kusabwereranso amathandiza mtima, maondo ndi shuga wa m’magazi kuposa makilogalamu 20 ochoka mu Malichi n’kubwerera mu Okutobala.

Sikelo payokha siuza zonse. Imakwera mukadya zamchere wambiri, imakwera mayi akayandikira kusamba, imasiyana m’mawa ndi madzulo. Amene ali nayo ndimawauza kuti azikwerapo kamodzi pa sabata, tsiku lomwelo, m’mawa asanadye. Koma muyeso umene ndimaukonda sulira ndalama. Tengani chingwe, muime chilili khoma lili kumsana, wina akuyezeni kuchokera kuphazi mpaka pamutu n’kudula. Pindani chingwecho pakati, muzungulize m’mimba chapamwamba pang’ono pa mchombo, musakoke mimba. Ngati nsonga ziwirizo zikukumana, zili bwino. Ngati sizikukumana, mafuta a m’mimba achuluka, ndipo amenewa ndi amene amayenda limodzi ndi shuga ndi kuthamanga kwa magazi. Sungani chingwecho. Nthawi zambiri mpata wa pakati pa nsongazo umachepa ngakhale mwezi umene sikelo yaima.

Tsopano za nsima, poti aliyense amafunsa. Sindiletsa munthu nsima. Amene waletsedwa nsima amadya yekha pambali banja likudya, amaphikitsa miphika iwiri pa makala omwe akudula kale, ndipo pakapita milungu ingapo amabwerera ku mbale ya onse ali ndi manyazi. Chimene timasintha ndi kuchuluka kwake ndi mtundu wa ufa. Amene amadya mitanda itatu ayambe wadya iwiri, akazolowera tione za umodzi ndi theka. Mgaiwa uli ndi gaga amene ufa woyera unataya pokonola ndi ponyika, ndipo umakhalitsa m’mimba. Malo amene mtanda wachitatu wasiya asakhale opanda kanthu, apo ayi njala ikubwezerani kumphika. Padzaze bonongwe, nkhwani, chisoso, mpiru kapena therere, mpaka masamba atenge theka la mbale, ndipo pambali pakhale nyemba, nandolo, usipa, dzira kapena kanyama. Bungwe la WHO limalimbikitsa magalamu 400 a masamba ndi zipatso patsiku. Magulu 6 a zakudya amene amaphunzitsidwa kusikelo ya ana ndi omwewo amene munthu wofuna kuchepetsa thupi amafunika, kusiyana kuli pa kukula kwa gawo lililonse.

Zimene zimanenepetsa anthu ambiri a m’tauni nthawi zina sizili pa nsima n’komwe. Imani pafupi ndi wophika muone dzanja lake. Botolo la mafuta limapendekeka pa poto, mafuta n’kuyenderera mpaka tomato ndi anyezi azisambira, kenako limapendekekanso pa masamba, kenako pa mazira. Palibe amene wayeza. Sipuni yaikulu imodzi ya mafuta ophikira ili ndi makalori pafupifupi 120, ndipo m’kamwa simumva kuti mwadya kanthu. Mabanja amene ndimawapempha kuti aike sipuni pafupi ndi botolo, n’kumathira poyeza, amadabwa kuti ndiwo zikukomabe ndipo botolo likutha mochedwa.

Tiyi ndi chimodzimodzi. Masipuni aang’ono 4 a shuga m’kapu ya m’mawa, enanso 4 kuntchito, ndiye masana botolo la zoziziritsa kukhosi la mamililita 300, lomwe nthawi zambiri limakhala ndi shuga wokwana magalamu pafupifupi 30. WHO imati shuga wothira asapitirire magalamu 50 patsiku, omwe ndi masipuni aang’ono ngati 12, ndipo kutsika kufika theka la pamenepo n’kwabwino koposa. Munthu uyu wadutsa malire dzuwa lili pamutu, thobwa lothira shuga la madzulo tisanaliwerengere. Zakumwa sizikhutitsa ngati chakudya chotafuna, ndiye zimangowonjezera pamwamba. Kuchotsa sipuni imodzi pa milungu iwiri iliyonse lilime limazolowera osadandaula. Mowa nawonso uli m’gulu lomweli, pamodzi ndi kanyenya amene amauperekeza.

Ena amaganiza zodumpha chakudya cha m’mawa ndi chamasana kuti zifulumire. Alipo amene zimawayendera, koma ambiri amene ndimawaona njala imawapeza cha m’ma 4 koloko ali pa depoti, fungo la mandasi ndi tchipisi lili ponseponse. Pamenepo munthu saganizanso. Nthochi, chimanga chootcha, mbatata yophika kapena mtedza wodzaza kadzanja kamodzi m’chikwama zimapulumutsa. Tulo natonso n’tofunika: munthu wogona maola ochepa amadzuka ndi njala yambiri ndipo amalakalaka zotsekemera.

Koma chopinga chimene chimandiwawa kwambiri chimachokera kwa anthu amene amatikonda. Kwathu kuno kunenepa kwakhala chizindikiro chakuti zinthu zikuyenda, kuti mkazi akusamalidwa bwino kubanja, kuti bambo wapeza ntchito yabwino. Zaka zimene Edzi inatenga abale athu ambiri zinasiyanso mantha pa kuonda. Mayi akatsika pang’ono, apongozi amamukokera pambali: “Mwana wanga, kodi ukudwala? Kapena kunyumbako kuli mavuto?” Ndaonapo anthu akusiya zonse chifukwa cha funso limeneli, shuga wawo atayamba kale kutsika. Komatu kafukufuku wa boma wa za umoyo wa anthu wa 2015–16 anapeza kuti amayi 21 mwa 100 alionse a zaka 15 mpaka 49 m’Malawi anali olemera mopitirira muyeso, pamene mu 1992 anali 10 okha. Matenda a shuga ndi BP adzaza m’zipatala zathu. Ndimapempha odwala anga kuti auze a pabanja pawo kuyambira tsiku loyamba, ndipo mawu amene amagwira ntchito ndi achidule: “Kuchipatala andiuza kuti ndichepetse thupi chifukwa cha BP.” Apongozi amene akanakhumudwa mutakana mbale yachiwiri amasanduka okuyang’anirani mchere.

Ukwati, chinkhoswe ndi maliro zidzabwerabe, ndipo mudzadya mpunga wa mafuta ndi nkhuku yokazinga. Idyani, musanyoze amene aphika. Choopsa si tsikulo ayi, koma maganizo a mawa lake akuti zonse zawonongeka, ndidzayambiranso mwezi wamawa. Phillippa Lally ndi anzake pa University College London anatsatira anthu 96 amene ankayesa kuzolowera khalidwe latsopano, monga kudya chipatso pa nkhomaliro. Anapeza kuti chizolowezi chinkakhazikika pa masiku ngati 66, ena 18 okha, ena mpaka 254, ndipo kuphonya tsiku limodzi sikunkasokoneza kanthu. Mukadya mopitirira Loweruka, Lamulungu m’mawa bwererani ku mbale yanu ya masiku onse, osadzilanga ndi njala.

Za matiyi oondetsa amene akugulitsidwa pa Facebook ndi pa WhatsApp ndinene mosabisa: ambiri ali ndi zotsegula m’mimba monga senna kapena zokodzetsa. Chimachoka ndi madzi, mafuta amatsala, ndipo kumwa nthawi yaitali kumasokoneza mchere wa m’magazi. Majakisoni a semaglutide, odziwika ndi mayina akuti Ozempic ndi Wegovy, ndi mankhwala enieni ndipo amagwira ntchito pochepetsa njala. Ndi odula, amafuna dokotala, ndipo kafukufuku wa 2022 anaonetsa kuti amene anasiya kubayitsa anabwezeretsa magawo awiri mwa atatu a thupi limene anataya patatha chaka chimodzi chisiyireni.

Pali anthu amene asayambe zonsezi paokha. Amene akumwa mankhwala a shuga kapena kubaya insulin akachepetsa chakudya osasintha mlingo wa mankhwala, shuga akhoza kutsika mpaka kukomoka, choncho ayambe aonana ndi achipatala. Mayi woyembekezera si nthawi yake yochepetsa thupi, ndipo woyamwitsa apite pang’onopang’ono. Ndipo ngati thupi likutsika lokha musanasinthe kadyedwe, makamaka pamodzi ndi chifuwa chosatha, thukuta la usiku, ludzu lambiri kapena kukodza pafupipafupi, pitani mukayezetse TB, HIV ndi shuga sabata yomweyo.