KODI NKOYENERA KUONJEZA NDALAMA POGULA MAKINA OCOTSA MAKWINYA?

Anzathu a kumidzi, magetsi tsopano afika m'malo ambiri a malonda ndi m'midzi yina cifukwa ca nchito ya MAREP. Ena mwa inu mukagulitsa fodya kapena thonje mumaganiza zogulira amai a kunyumba makina ocapira zobvala, ndipo ena ana anu a ku Johannesburg amatumiza mau kuti, "Sankhani, ndalama titumiza." Mukalowa m'sitolo ku Blantyre kapena ku Lilongwe, wogulitsa adzakuonetsani makina a mitundu iwiri, ukulu wake umodzimodzi koma mtengo wosiyana. Mukafunsa cifukwa cake, iye adzati okwera mtengowo amacotsa makwinya ndipo simbi mudzaiiwala. Musafulumire kumasula cikwama. Tiyeni tiyambe taona cimene makinawo amacita.

Inu alimi a thonje a ku Chikwawa, Balaka ndi Salima mudziwa kuti thonje limamwa madzi. Ulusi wake ukanyowa umafewa, ndipo ukamauma umagwira monga momwe wakhalira. Cifukwa cake malaya akaumira m'beseni ali opindikapindika, makwinya sacoka kufikira mutawazapo madzi ndi kupititsapo simbi yamoto. Ku America, m'zaka za m'ma 1950, akatswiri a boma mu mzinda wa New Orleans, mmodzi wa iwo mai Ruth Benerito, anapeza mankhwala omanga ulusi wa thonje kuti usamakwinyike. Ndiko kunacokera malaya aja ongocapa ndi kubvala. Tsono zindikirani kuti mankhwalawo amalowa m'nsalu ku fakitale. Makina a m'nyumba sangathe kusandutsa nsalu wamba kuti ikhale yotero.

Nanga okwera mtengowo amacita ciani? Ena amapemerera nthunzi yotentha m'zobvala pomaliza kucapa. Ena amacepetsa liwiro pofinya: mgolo umene ukadazungulira ka 1,200 pa mphindi imodzi umazungulira ka 600 kapena 800 cabe, motero zobvala zimatuluka zonyowa kwambiri nizicedwa kuuma, makamaka m'dzinja. Enanso akatha kucapa amangogubuduza zobvalazo pang'onopang'ono kufikira mwini atabwera kudzazicotsa. Sitikana, makwinya amacepa ndithu. Koma kolala ya yunifomu ya mwana wa sukulu, kapena mzere wa buluku la abambo la ku chalichi, zidzafunabe simbi. Ndiponso makina ambiri ochipa ali nako kale kotembenuza kocepetsera liwiro la mgolo.

Ganizirani za magetsi. Nthunzi sibwera popanda kuwiritsa madzi, ndipo cotenthetsera madzi m'makina otere cimadya mawati pafupifupi 2,000. Sola yanu ija yoyatsira mababu ndi kuchajira foni singathe konse, ndipo ngati muli pa magetsi a ESCOM mayunitsi adzatha msanga. Makinawo amafunanso madzi a m'mpope othamanga bwino. Amene amatunga pa mjigo angathandizidwe ndi makina a migolo iwiri, othiramo madzi ndi ndowa, amenenso akaonongeka sabvuta kukonza.

SIMBI IRI NDI NCHITO YINA

Tsopano tamverani bwino, cifukwa apa ndipo pali nkhani yaikulu. M'dziko muno muli nchenche yina yacikasu moderako, imene imaikira mazira pa mcenga pamene pagwera mkodzo kapena conyansa, ndiponso pa zobvala zonyowa zoyanikidwa pansi, pa udzu kapena pamthunzi. Imakonda kwambiri matewera a ana ndi zofunda. Mazira ake ngaang'ono, simungawaone msanga. Pakapita masiku awiri kapena atatu amaswa timphutsi, ndipo munthu akabvala cobvalaco timphutsito timaboola khungu ndi kulowa. Pamalopo pamatuluka cotupa conga cithupsa, cokhala ndi kabowo pakati, ndipo mphutsi imakulira m'menemo masiku 8 kufikira 12. Mwana amalira usiku wonse, amake osadziwa cimene cikumluma. Bvutoli limacuruka nthawi ya mvula, ndipo agalu ndi makoswe nawonso amagwidwa nalo.

Cimene cimapha mazirawo ndi moto wa simbi. Mwina wina adzati, "Nanga nthunzi ya makina ija siwapha?" Taonani: nchenche simaikira mazira m'makina. Imadikira zobvala zitatuluka, ziri panja poyanika, nthunzi ija itazirala kalekale. Cotero mai amene wauzidwa m'sitolo kuti aiwale simbi, napinda matewera osasita cifukwa aoneka osalala, waika mwana wake pa ngozi imene agogo ake ankaipewa ndi simbi ya makala. Wogulitsa za nchenche sanena.

Alipo amene makina oterewa angawapindulire, monga mwini nyumba yogona alendo pa boma, wocapa nsalu zambiri tsiku ndi tsiku, wokhala ndi mpope ndi magetsi odalirika. Koma kwa banja la pamudzi ife tikuti ai. Ndalama yoonjezayo gulirani waya woyanikira ndi mapegi, mumange pa dzuwa, kutali ndi cimbudzi ndi pogona agalu, cifukwa nchencheyo siikira mazira pa dzuwa lamphamvu. Mukacapa kutumulani cobvala ciriconse musanayanike, malaya muwapacike pa hang'ala, ndipo musadzaze makina kufikira pakamwa. Mukatero makwinya adzacepa osalipira kanthu.

Posita zobvala za ana sitani mbali zonse ziwiri, makamaka m'misoko ndi m'mipendero momwe mazira amabisala. Mukaona cotupa cokhala ndi kabowo pa thupi la mwana musacicheke ndi lumo kapena kuciboola ndi minga. Matanipo Vaseline wambiri kuti mphutsi isowe mpweya. Idzayamba kusuzumira kunja, ndipo mungathe kuifinya pang'onopang'ono ituluke yathunthu. Tsukani balalo ndi sopo ndi madzi owiritsa. Ngati cotupa ciri pafupi ndi diso, kapena zotupa ziri zambiri, kapena mwana watentha thupi, pitani naye ku cipatala tsiku lomwelo.