Mipando ya ku Jepara ndi Nkhalango za ku Java

M'masitolo ena a ku London ndi ku Amsterdam mumapezeka mipando, matebulo ndi makabati osemedwa pamanja. Katundu wambiri wotereyu amachokera ku Jepara, mzinda wa kugombe la kumpoto kwa chisumbu cha Java, m'dziko la Indonesia, kumene luso losema lakhala likusiyiranidwa m'mabanja kwa zaka mazanamazana. Wamalonda woitanitsa katunduyu akafuna kuchepetsa kuonongeka kwa chilengedwe, kawirikawiri amayamba kudandaula za ulendo wautali wa panyanja. Komatu mlandu waukulu suli panyanjapo ai. Uli kunkhalango, ndiponso pa zaka zimene mpandowo udzakhale usanatayidwe.

Amisiri a ku Jepara amakonda mtengo wa teak, umene eni ake amautcha jati. Ndi mtengo wamafuta, wosaola msanga, ndipo chiswe sichiugwa wamba, koma umakula mwapang'onopang'ono. M'nkhalango za boma, zimene imayang'anira kampani ya Perhutani, kale mtengo unkadikira zaka 60 kapena kuposerapo usanadulidwe.

M'chaka cha 1998 ulamuliro wa Suharto unagwa, ndipo ndalama ya rupiah inali itachepa mphamvu. Mipando ya ku Jepara inatchipa kwa ogula akunja, maoda nachuluka. Magulu a anthu analowa m'nkhalango ndi nkhwangwa ndi macheka, nagwetsa mitengo ikuluikulu ndi yanthete yomwe. Pofika 2001, chiphaso cha bungwe la Forest Stewardship Council, chotsimikiza kuti nkhalango za Perhutani zikusamalidwa, chinaimitsidwa. Matabwa abwino atasowa, mtengo wake unakwera, ndipo amisiri ambiri anatseka malo awo ogwirira ntchito. Amene anapindula ndi chipwirikiticho anali ochepa. Amene anasauka nacho anali osema omwewo.

Nchifukwa chake ntchito yoyamba ya wamalonda ndiyo kudziwa kumene thabwa lililonse lachokera. Kuyambira mu 2013, malamulo a European Union analetsa kugulitsa matabwa odulidwa mwakuba, ndipo pa 15 November 2016 Indonesia linakhala dziko loyamba kupereka ziphaso za FLEGT, zosonyeza kuti katundu wamatabwa wadutsa m'njira zovomerezeka. Koma chiphasocho chimangonena kuti lamulo latsatidwa; sichinena kuti pachitsa pabzalidwa mbande. Wamalonda wosamala amapita yekha kukaona, ndipo ena amagula kwa alimi ang'onoang'ono, monga a m'dera la Gunungkidul, amene amabzala jati m'minda mwawo ngati chuma chodzathandiza pa tsiku la mavuto.

Ena amagwiritsa ntchito matabwa akale, ochotsedwa ku nyumba zogumuka ndi ku ngalawa zotha ntchito. Njirayi ndi yabwino, ngakhale ili ndi msampha wake: matabwa akale atakwera mtengo, nyumba zina zolimba bwinobwino zinaphwasulidwa dala, ndipo achinyengo anaphunzira kukanda ndi kudetsa thabwa latsopano kuti lioneke lokalamba.

Za ulendo nzosavuta. Katundu amakwera sitima padoko la Semarang, ndipo amatha milungu ingapo panyanja. Ndege imatulutsa utsi wochuluka koposa pa katundu wolemera chimodzimodzi, kotero wogula wachangu ndi bwino auzidwe kuti adikire. Kontena idzaze, miyendo ya matebulo ikhale yomasula, ndipo makatoni alowe m'malo mwa pulasitiki. Mabokosi amatabwa olongedzeramo ayenera kuphedwa tizilombo. Kuwatenthetsa kufika madigiri 56 kwa mphindi 30 kumaposa kuwafukiza ndi methyl bromide, mankhwala oononga mpweya wa ozoni umene umatchinga ukali wa dzuwa.

Chimene ambiri amachiiwala ndi kuumitsa matabwa. Ku Java mpweya ndi wachinyontho chaka chonse, pamene nyumba za ku Ulaya zimafunditsidwa m'nyengo yachisanu, mpweya wa m'katimo nuuma gwa. Thabwa losauma bwino likalowa m'nyumba yotere limakwinyika, limang'aluka, ndipo polumikiza pamasukusa. Tebulo lochokera ku mtengo wa zaka 60 likhoza kutayidwa patangopita zaka zowerengeka, mwini wake nakagula lina, ndiye kuti mtengo winanso wagwa. Pofuna kupewa zimenezi matabwa amaikidwa m'ng'anjo yoyanikira kufikira chinyontho chake chitatsika pakati pa 8 ndi 12 peresenti.

Vuto ndi lakuti mmisiri wamng'ono, wogwira ntchito kuseri kwa nyumba yake, alibe ng'anjo, ndipo kubwereka ya wina kumafuna ndalama ndi masiku. Wamalonda akamupanikiza kuti atsitse mtengo ndi kutumiza katundu msanga, chinthu choyamba chimene mmisiriyo amadumpha ndi kuumitsako, chachiwiri ndi kufunsa kumene thabwa lachokera. Amalonda ena tsopano amalipiriratu gawo la ndalama, amapereka nthawi yokwanira, ndiponso amasunga mmisiri wokonza mipando kusitolo kwawo, kuti mwendo ukathyoka wogula abweze mpandowo, aukonze, nakaukhalirenso.