Pokémon TCG Pocket: yapangidwa bwino, koma n'cholinga chanji?



Makolo angapo andifunsa za gemu ya makadi imene ana akukomedwa nayo pa foni nthawi ya holide, yotchedwa Pokémon TCG Pocket. Ndisanayankhe ndinaiika pa foni yanga n'kuisewera milungu iwiri, poti si bwino kuweruza chinthu usanachione.

Gemuyi sinayambire pa foni. Inachokera ku masewero a makadi a mapepala amene anatuluka ku Japan mu 1996. Kumeneko wosewera amasanja makadi 60, ena a zilombo zomenyana, ena opatsa zilombozo mphamvu, ena othandizira, ndipo amapambana akatenga makadi 6 a mphoto. Nzeru yaikulu imagona pa kasanjidwe: ukachulutsa makadi a mphamvu zilombo zimakuchepera, ukawachepetsa zilombo zako zimangokhala osamenya.

Ya pa foni inatuluka pa 30 Okutobala 2024, ndipo anaipanga ndi makampani a ku Japan, Creatures Inc. ndi DeNA. Zonse anazichepetsa. Makadi ndi 20 okha, wopeza mapointi atatu wapambana, ndipo makadi a mphamvu kulibe chifukwa mphamvu imabwera yokha nthawi yako ikakwana. Mpikisano umatha pa mphindi zochepa. Ndinene chilungamo, ntchito anaigwira. Zithunzi n'zokongola, malamulo gemuyo imakuphunzitsa yokha, ndipo mwana wa Fomu 1 atha kuimvetsa madzulo amodzi osalipira kanthu kupatula bandulo.

Koma pochepetsapo anachotsanso mbali ina ya nzeru ija, mwayi n'kutenga malo. Makadi ambiri amadalira kuponya ndalama yachitsulo. Pali khadi lotchedwa Misty: umaponya ndalama mpaka itakana, ndipo nthawi iliyonse imene yalola, chilombo chako cha m'madzi chimalandira mphamvu imodzi. Ikalola katatu poyambirira penipeni, mnzako wagonja asanachite chilichonse. Zinandichitikira kangapo, ndipo sindinganene kuti wondigonjetsayo anandiposa kuganiza. Amene amasewera bawo akudziwa kusiyana kwake: pa bawo ukaluza, umadziwa pamene unalakwitsa.

Pamene opanga anaikapo luso lawo lonse ndi pa kutsegula mapaketi. Pa maola 12 aliwonse umapatsidwa paketi imodzi yaulere ya makadi asanu. Umaisankha pakati pa zinzake, umaing'amba ndi chala pa sikirini, imamveka ngati pepala lenileni, kenako makadi amatuluka limodzilimodzi, osowa kwambiri kumapeto. Ngati sukufuna kudikira, umagula Poké Gold ndi ndalama zenizeni n'kutsegula ena. Gemuyo imaonetsa poyera mwayi wopeza khadi lililonse, ndipo pamenepa ndiwayamikire, koma manambalawo ndi oti munthu aziwerenga modekha. Makadi a chizindikiro cha chisoti chachifumu mwayi wake sufika ngakhale umodzi pa 100. Njira ina ndi kuwagula ndi mapointi: paketi iliyonse imapereka 5, ndipo khadi lotere limafuna 2,500. Ophunzira a masamu awerengere okha. Ndi mapaketi 500, kapena masiku 250 kwa wodalira aulere.

Apa ndi pamene nkhaniyi ikukhudza Chisilamu. Sura ya Al-Ma'idah, ndime 90, imaletsa maisir, kutanthauza njuga, ndipo pa malonda Sharia imakana gharar, kugula chinthu chosadziwika chimene ulandire. Paketi yaulere siikuika ndalama ya munthu pachiswe. Koma wolipira kuti atsegule paketi wapereka ndalama yodziwika pofuna khadi limene mwina silituluka. Ma ulama a ku Saudi Arabia anatulutsa fatwa yoletsa makadi a Pokémon mu 2001, ndipo njuga inali chimodzi mwa zifukwa zawo. Si Asilamu okha amene anaona vutoli: mu 2018 bungwe loona za njuga ku Belgium linagamula kuti mabokosi amwayi ogula ndi ndalama m'magemu ndi njuga, ndipo Pocket itatuluka sinapezeke m'dzikolo.

Palinso china chimene ana sachiganizira. Khadi la pepala ndi lako, utha kulisunga m'sutikesi kapena kuligulitsa. La pa foni lili pa makompyuta a kampani, ndipo tsiku limene adzatseke gemuyo lidzapita nayo. Ngakhale kusinthana makadi, kumene anakuyambitsa mu Januwale 2025, kunabwera ndi malamulo okhwima moti osewera anadandaula mpaka kampaniyo inasintha.

Maganizo anga ndi awa: ngati gemu yopumulira ndi yabwino, ngati masewero a nzeru ndi yopepuka poyerekeza ndi makadi amene inachokerako, ndipo kulipira mapaketi sindingalangize mwana aliyense. Makolo, onetsetsani kuti khadi lanu la ku banki silinalumikizidwe ku foni imene mwana akusewerera, komanso muzimitse mauthenga amene amalira paketi ikapsa, poti salabadira kuti ndi nthawi ya swala kapena ya homuweki. Amene akufuna ndimuonetse tsamba la manambala a mwayi lija, andipeze ku ofesi ya aphunzitsi Lachitatu ikatha swala ya Dhuhr.