Amalinyero a ngalawa za tiyi: nkhani ya Ariel

Kale, tiyi woyamba wa chaka akafika ku London kuchokera ku China, ankagulidwa pa mtengo wokwera. Motero eni ngalawa za matanga ankalimbirana kufika msanga. Imodzi mwa ngalawa zaliwiro kwambiri inali Ariel, yomwe inakhomedwa ku Greenock, m'dziko la Scotland, mu 1865. Nthiti zake zinali zachitsulo, khungu lake lamatabwa.

Ntchito inkayambira pa doko la Fuzhou. Amtengatenga a ku China ankasanja mabokosi a tiyi mothinana, n'kumawakhoma ndi nyundo zamtengo kuti pasatsale mpata. Ngalawa ikanyamuka, zonse zinali m'manja mwa kaputeni ndi omuthandiza ake. Pansi pawo panali kapitawo woyang'anira zingwe ndi nangula, kalipentala wotseka pochucha, wosoka matanga, wophika, amalinyero wamba ndi anyamata ophunzira ntchito.

Amalinyerowo ankagawidwa magulu awiri, olandizana pa maola 4 alionse, usana ndi usiku. Namondwe akabuka, tulo tinkathera pomwepo: onse kukwera milongoti. Munthu ankaponda chingwe chimodzi chokha, mimba atatsamiza pa mtanda, manja akulimbana ndi thanga lonyowa, pansi pake nyanja ikuwinduka. Chakudya chinali nyama yamchere ndi mabisiketi ouma gwa, omwe nthawi zambiri ankafumbwa. Madzi akumwa anali oyeza.

Thukuta limeneli linaoneka mu 1866. Ariel, pansi pa Kaputeni John Keay, inachoka ku Fuzhou kumapeto kwa Meyi pamodzi ndi ngalawa zina ziwiri, Taeping ndi Serica. Zinazungulira kumwera kwa Africa, ndipo patatha masiku 99 zonse zitatu zinalowa m'madoko a London tsiku limodzi, pa 6 Seputembala. Taeping inatsogola ndi mphindi zosakwana 30, koma ndalama ya mphotho ya ngalawa yofika poyamba inagawidwa pakati pa iyo ndi Ariel.

Ulemu sunakhalitse. Ngalande ya Suez itatsegulidwa mu 1869, sitima zoyendera malasha zinalanda malonda a tiyi, poti njira yachiduleyo sinkayenera ngalawa zodalira mphepo. Ngalawa za matanga zinayamba kusaka katundu kwina. Pa 31 Januwale 1872 Ariel inanyamuka ku London kulowera ku Sydney, ndipo sinafike. Ambiri amakhulupirira kuti funde lalikulu linaikwera chakumbuyo m'nyanja zozizira za kumwera. Kumbuyo kwake kunali kosongoka kuti izithamanga, ndipo kusongoka komweko kunkachititsa kuti isamanyamuke bwino funde likaipeza.

Palibe ndi mmodzi yemwe amene anapulumuka. Lero dzina la Ariel lili m'mabuku, chithunzi chake chili pa makoma a nyumba zosungiramo zakale. Koma amuna amene ankaikwerera milongoti anapita opanda manda, ndipo akazi awo kumudzi anadikira kalata mpaka kutopa.