Khansa ya muubongo ili ndi nkhokwe yake ya mafuta

Kufikira chaka cha 2024, wodwala khansa wa ku Mchinji amene madokotala anena kuti chotupa chake chiwotchedwe ndi makina ankayenera kutuluka m'dziko muno. Ena boma linkawatumiza ku India, pomwe ena ankadutsa malire a Mwami, kudzera ku Chipata mpaka ku Lusaka, komwe chipatala cha Cancer Diseases Hospital chidatsegulidwa mu 2007.

Chithandizochi, chomwe madokotala amachitcha radiotherapy, tsopano chayandikira. Mu 2024 chipatala chomwe si cha boma cha International Blantyre Cancer Centre chidayamba kuchipereka, ndipo mu 2025 boma lidatsegulira National Cancer Centre pa chipatala cha Kamuzu Central ku Lilongwe, mtunda wa makilomita pafupifupi 110 kuchokera paboma la Mchinji.

Komatu pali khansa ina ya muubongo yotchedwa glioblastoma yomwe imavuta ngakhale m'maiko olemera. Madokotala amachita opaleshoni, kenako amaiwotcha ka 30 m'masabata 6, koma nthawi zambiri imaphukiranso pamalo omwewo. Kafukufuku yemwe adatsogolera Dr Roger Stupp, amene adatuluka mu 2005, adapeza kuti theka la odwala omwe adalandira radiotherapy pamodzi ndi mankhwala a temozolomide adapitirira miyezi 14.6 ali moyo, pomwe kwa omwe adangowotchedwa inali miyezi 12.1. Kusiyana kwake n'kochepa, koma mpaka lero njirayi ndiyo maziko a chithandizo.

Kodi chimapulumutsa khansayi ku mphamvu ya makina n'chiyani? Mbali ina ya yankho ndi mafuta.

Makinawa amagwira ntchito powononga DNA ya maselo a khansa kuti asachulukanenso. Selo lomwe lavulala chonchi limafuna mphamvu zambiri kuti lidzikonze. Kuyambira m'zaka za m'ma 1920, pomwe katswiri wa ku Germany Otto Warburg adaonetsa kuti khansa imakonda shuga, maso a ofufuza ambiri adali pa shugayo. Koma zadziwika kuti maselo a glioblastoma amasunganso mafuta m'timadontho ting'onoting'ono mkati mwawo, monga mlimi amasungira chimanga m'nkhokwe podikira miyezi ya njala.

Nkhokweyi ili ndi ntchito ziwiri. Imasunga chakudya cha pamavuto, komanso imatsekera mafuta omwe akadangoyandama m'selomo akadaliwononga. Mu 2020 gulu la Deliang Guo ku Ohio State University ku America lidaonetsa kuti akatsekereza puloteni ya DGAT1, yomwe imalongedza mafutawo m'timadonthoto, maselo a khansa amafa ndi mafuta awo omwe.

Mu 2022 gulu la Jian Jian Li ku University of California, Davis lidapeza chinanso. Maselo omwe apulumuka kuwotchedwa amayamba kudalira mafuta kwambiri, ndipo izi zimawathandiza kuchulukitsa puloteni ya CD47 pakhungu lawo. Puloteniyi ili ngati chikwangwani chouza asilikali a m'thupi kuti asalidye selolo. Ofufuzawo atatsekereza kagwiritsidwe ntchito ka mafuta ndi mankhwala a etomoxir, n'kutsekanso CD47, zotupa zomwe zidaphukiranso zidachepa mphamvu.

Zonsezi zidachitika pa maselo a mulabotale ndi pa mbewa, osati zapampani zomwe anyamata amagulitsa m'mbali mwa msewu, koma zoweta dala kaamba ka kafukufuku. Etomoxir adayesedwapo kale pa odwala mtima ndipo adaleka ataona kuti amawononga chiwindi.

Apa ndi pomwe mabanja a ku Kamwendo, Kapiri ndi Mkanda, komwe mtedza ndi chuma komanso ndiwo, akuyenera kumvetsa bwino. Nkhani ikamayenda pakamwa imafupika, ndipo mawa wina anena kuti nsinjiro zimadyetsa khansa. Si choncho. Maselo a khansayi amatha kudzipangira okha mafuta kuchokera ku shuga, choncho kumumana wodwala phala la nsinjiro kapena ndiwo zotendera sikugwetsa nkhokwe ija. Kumangofooketsa munthu amene akufunika mphamvu zopirira masabata 6 a chithandizo.

Chomwe banja lingachite n'kufulumira. Mutu wopweteka kwambiri m'mamawa limodzi ndi kusanza, kukomoka ngati khunyu kwa munthu wamkulu yemwe sadadwalepo chonchi, kufooka mbali imodzi ya thupi, kusaona bwino kapena kusintha khalidwe ndi zizindikiro zomwe ambiri amathamangira nazo kwa sing'anga poganiza kuti munthu walodzedwa. Si nthawi zonse pomwe zimatanthauza khansa, ndipo zotupa zina za muubongo zimachoka ndi opaleshoni yokha. Chosiyanitsa ndi kujambula mutu ndi makina a CT, ndipo njira yake imayambira pa chipatala chaching'ono kapena cha boma la Mchinji, komwe amalemba kalata yotumiza wodwala ku Kamuzu Central.