Impso za Nsomba ndi Mchere wa M'thupi

Kodi munadzifunsapo chifukwa chake nsomba ya makakana ya ku Shire imatha kukhala m'madzi a mumtsinje ndiponso m'madzi amchere a kugombe la Mozambique? Yankho lili m'impso zake ndi m'timadzi ta m'magazi totchedwa mahomoni, timene timalamula impsozo.

Magazi a nsomba ali ndi mchere wambiri kuposa madzi a mumtsinje. Motero madzi amalowa okha m'thupi mwake, mchere n'kumatuluka. Pofuna kupewa kufa, nsomba imakodza mikodzo yambiri yosungunuka, pamene impso zikubwezera mchere m'magazi. Homoni yothandiza ntchito imeneyi ndi prolactin, yochokera m'kachiwalo ka pansi pa ubongo. M'chaka cha 1959, Grace Pickford ndi John Phillips anaonetsa kuti nsomba za killifish zochotsedwa kachiwaloka zimafa m'madzi opanda mchere, koma zikapatsidwa prolactin zimakhala ndi moyo. Homoni yomweyi ndiyo imapangitsa mkaka m'mawere a mayi woyamwitsa.

M'nyanja yamchere zinthu zimatembenuka. Lita imodzi ya madzi akumeneko ili ndi magalamu 35 a mchere, ndipo thupi la nsomba limataya madzi. Nsomba imamwa madzi amcherewo, n'kumakodza pang'ono chabe. Impso zimataya magnesium wochuluka, pamene homoni ya cortisol imathandiza ziwalo zopumira kutulutsa mchere wotsala.

Pa impso za nsomba palinso timibulu timene Hermann Stannius anatifotokoza m'chaka cha 1839. Timatulutsa stanniocalcin, homoni yoletsa calcium kuchuluka m'magazi, ndiponso youza impso kusunga phosphate. Ziwiri zonsezi ndi zomangira mafupa.

Nafenso anthu impso zathu zimamvera mahomoni posunga kapena kutaya madzi ndi mchere. Koma mphamvu zake zili ndi malire. Mwana akatsegula m'mimba amataya madzi ndi mchere mofulumira kuposa mmene impso zingasungire. Mpatseni madzi a Thanzi ORS msanga ndi kupita naye kuchipatala. Akulu asapitirire magalamu 5 a mchere pa tsiku, ndiwo osakwana kasupuni kamodzi ka tiyi, pakuti mchere wochuluka umakweza kuthamanga kwa magazi ndi kuwononga impso. Ngati usipa wouma kapena nsomba zina zathiridwa kale mchere, musaonjezere wina mumphika.