Chimanga cha Kudimba ndi Madzi a Okutobala

Ife alimi a ku Angónia ndi ku Tsangano timalima kawiri pa chaka. Pa dzinja timalima kumunda, ndipo mvula ndiyo imathirira. Pa chilimwe timatsikira kudimba, ndipo othirira ndife eni ake. Timatseka kamtsinje ndi miyala, n'kupatutsa madzi m'ngalande kuti ayende okha mpaka ku mbewu.

Mvula imaleka mu Epulo. Kuyambira pamenepo madzi a mumtsinje amachepa tsiku ndi tsiku.

Mu Juni ndi mu Julayi kwathu kumazizira kwambiri. Chimanga sichikula bwino m'chisanu. Nthawi imeneyi timasamala mbatatesi ndi kabichi, timachotsa matope m'ngalande, timathira manyowa.

Mu Ogasiti kukayamba kufunda timabzala chimanga. Mizere italikirane masentimita 75. Mapando atalikirane masentimita 25, mbewu imodzi pa phando. Chimanga chaching'ono chili ndi mizu yaifupi. Chimafuna madzi pang'ono, koma pafupipafupi.

Mu Seputembala chimanga chimafika m'mawondo. Tsopano timathirira kwambiri koma patalipatali, kuti mizu itsike pansi kukafuna chinyezi. Timapalira, chifukwa udzu umamwa madzi a chimanga.

Mu Okutobala dzuwa limaswa mtengo. Pakatha miyezi iwiri kapena kupitirira pang'ono chibzalire, chimanga chimatulutsa ngayaye ndi ndevu. Ufa wa ngayaye umagwera pa ndevu. Ulusi uliwonse wa ndevu umabala njere imodzi. Chimanga chikasowa madzi masiku amenewa, ndevu zimachedwa kutuluka kapena zimauma. Pamapeto pake timakolola zitsononkho za njere zowerengeka.

Vuto lathu lagona apa. Mwezi umene chimanga chimafuna madzi ambiri ndi mwezi womwewo umene mtsinje waphwa. Mlimi amene anayang'ana madzi a Ogasiti n'kubzala dimba lalikulu amalira mu Okutobala. Tsono pobzala tizikumbukira pamene madzi analekezera Okutobala wa chaka chatha. Dimba laling'ono lokhuta madzi liposa lalikulu laludzu.

Kodi tidziwa bwanji kuti yakwana nthawi yothirira? Tikumbe pafupi ndi phesi, kuya kwa chikhatho. Tifumbate dothi. Likaumbika, chinyezi chilipo. Likayoyoka, tithirire. Masamba akapindika m'mawa dzuwa lisanatenthe, ndiye kuti tachedwa kale.

Tithirire m'mamawa kapena madzulo. Tiyale udzu wouma pakati pa mizere kuti dothi lisaume msanga. Titseke ndi dongo malo onse amene ngalande ikudontha.

Ngalande imodzi imamwetsa mabanja ambiri. Wa kumtunda akatseka madzi tsiku lonse, chimanga cha wa kumunsi chimafota. Mutu umodzi susenza denga. Tikhale pansi tisanabzale, tigawane masiku. Amene chimanga chake chatulutsa ngayaye ayambe ndiye kuthirira.

Tikatero, mu Disembala ana adzaotcha mondokwa. Mu Januwale, nkhokwe zikayamba kupepuka, chimanga cha kudimba chidzatipatsa ufa kufikira cha kumunda chitacha.

Mafunso

1. Kodi chimanga chimafuna madzi ambiri nthawi iti?
2. Kodi mtsinje wa kwathu umachepa kwambiri mwezi uti?
3. Kodi pa ngalande yathu timagawana bwanji madzi?